Mlendo wa M'chikwa

Dothi ndinalitapa ku Domwe,
m'khola lakale la bambo, momwe ng'ombe zinasiya kugona
chaka chomwe ine ndinkamera mano.
Masupuni atatu m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.
M'chapa cha ku Ulongwe ndinalifukata pamiyendo
ngati mazira a eni.

Ku labotale magetsi amabwera akafuna.
Dona Perpetuwa akuti nditenthetse dothilo m'madzi,
zamoyo zonse zife,
zitsale zokhazo zodziwa kufa mwachiphamaso.

Pali bakiteriya wina amene njala inamuchenjeza.
Akaona kuti chakudya chatha, salira.
Amadzimata, khoma pamwamba pa khoma,
nataya madzi ake onse,
nagona m'chikwa chouma gwa.
Dzuwa la Okutobala limudutse, moto wa lupsa umudutse,
iye phee.
Zaka sawerenga.

Koma ali ndi mdani wochepa kuposa iye,
vairasi wa kamutu kansonga ndi timiyendo ta udzudzu,
amene galasi lathu lino silimuona.
Timangoona pomwe wadya:
timabowo toyera m'mbale ya bakiteriya
ngati chitenje chogweredwa ndi mbaliwali.

Chikwa chikatsekeka, vairasi alibe pogwira.
Amazungulira, khomo kulibe, nauma panja.
Ndinalemba m'kope mokondwa:
wogona wapambana.

Dona Perpetuwa anavula magalasi.
Nanga amene walowa chitseko chisanatsekedwe?

Ameneyo saswa kanthu.
Amapinda ulusi wake n'kukhala chete pakona,
mwini nyumba n'kumata khoma,
kumatira mlendo momwemo.
Amamubisa ku dzuwa, amamubisa ku moto,
osadziwa kuti akulera ndani.
Ndiye mvula igwe.
Chikwa chifewe, mwini adzuke, ayasamule,
ayambe kufuna chakudya.
Mlendo nayenso wadzuka.

Ndinaika pensulo pansi.

Bambo anabwerako ku Dedza nkhondo itatha
ndi khasu, wailesi yopanda batire, ndi pakamwa potseka.
Analima kachewere. Anatilipirira sukulu.
Za usiku womwe anathawa ku Domwe
sanatiuzepo, ngakhale atamwa.
Tinkati ndi munthu wolimba.
Zaka makumi atatu.
Kenaka chaka chabwino chija,
nkhokwe zitadzaza, mdzukulu woyamba atabadwa,
malata atsopano atakwera padenga,
mvula yoyamba inawomba malatawo pakati pa usiku
ndipo tinawapeza kunsi kwa bedi
akuitana anthu omwe sitinawamvepo:
Zefelino. Nachisale. Kamnyamata ka a Gervaziyo.

Chilala sichinawaswe.
Chomwe chinawaswa ndi chinyontho.

M'mawa uno ndatsegula chofungatira.
Mbale yachitatu yamera bwino, yoyera ngati chambiko,
koma pakati pali timabowo tisanu ndi tiwiri
pamene ine vairasi sindinathiremo.
Anachokera ku Domwe, m'chapa, pamiyendo panga.

Dona Perpetuwa akuti si onse amaswa.
Ena amadzilukira mu ulusi wa mwini n'kukhazikika,
mwini n'kumagawikana, ana ndi zidzukulu,
aliyense atanyamula kachidutswa ka mlendo,
nthawi zina n'kumawatchinga kwa alendo ena.
Ndafunsa: nanga amene adzaswe timamudziwa bwanji?
Iwo akuti: werenga mabowo, Selesitina, ulembe tsiku.

Ndawerenga kachiwiri. Tisanu ndi tiwiri.
Ndatsuka m'manja mpaka sopo kutha,
ndayang'ana zala zanga pa kuwala,
zala za bambo ndithu, zazifupi, zopindika kunsonga.

Kunja mitambo yaunjikana cha kuphiri,
fungo la dothi lafika kale pawindo.
Ndatumiza uthenga kwa mayi:
usiku uno mukhale nawo pafupi,
nyali musazime.
Akayamba kutchula mayina aja, musawaletse.
Kope lili pamwamba pa kabati.
Mulembe.